Webusaiti ya Amalawi a ku Joni: kamangidwe kake ndi kumene ndalama imachokera

Mafunso amene amabwerabwera m'magulu a WhatsApp a Amalawi kuno ku Joni ndi omwewomwewo. Ndani akunyamuka Lachisanu kupita ku Mangochi? Chipinda cha lendi yotsika chikupezeka pati ku Turffontein? Usipa ndi mpunga wa Kilombero akugulitsa ndani ku Mayfair? Wina amayankha, nambala n'kuperekedwa, koma pofika mawa yankho lija lakwiririka ndi mavesi a m'mawa, mavidiyo a Bullets ndi Manoma, ndi mauthenga a maliro. Sabata yotsatira wina afunsanso zomwezo. Gulu limodzi la WhatsApp silipitirira anthu 1,024, ndipo zimene zalembedwa m'menemo Google saziona. Webusaiti ya m'dera ntchito yake ndi kusunga mayankho amenewa pamalo amodzi, olondola ndiponso a lero. Ndalama imabwera chifukwa cha kulondolako, kotero mamangidwe onse ayenera kutumikira chinthu chimodzichi.

Musanagule kalikonse, sankhani dera ndi nkhani. Johannesburg ndi wamkulu. Munthu wa ku Diepsloot sangakwere mateksi awiri kukafuna telala ku Rosettenville. Yambani ndi madera awiri kapena atatu oyandikana amene mumayendamo ndi miyendo yanu, monga Mayfair, Fordsburg ndi Brixton, kapena Yeoville, Berea ndi Hillbrow. Nkhani zikhale zinayi basi poyamba: matransipota onyamula katundu, zipinda za lendi, ogulitsa zakudya zakwathu ndi amisiri, ndi zidziwitso za maliro, za mipingo ndi za mizikiti. Tsiku lotsegulira lisafike musanasonkhanitse mabizinesi osachepera 40 amene mwawaimbira foni nokha. Munthu akatsegula tsamba n'kupeza mayina atatu okha, sabweranso, ndipo akauza anzake kuti kulibe kanthu.

Chogula choyamba ndi domeni, ndiye dzina la webusaitiyo. Ya .co.za ndi yotsika mtengo, nthawi zambiri siifika R200 pa chaka, ndipo anthu a kuno anaizolowera. Dzina likhale lalifupi, loti munthu akalimva kamodzi pa foni muli phokoso la pa renki, alilembe osalakwitsa. Musaikemo timizere kapena manambala. Apa ndi pamene ambiri amagwira njakata: amapatsa mnyamata wodziwa za makompyuta ndalama kuti awalembetsere, iye n'kulembetsa m'dzina lake ndi imelo yake. Mukadzayambana, kapena akadzabwerera kumudzi n'kusintha nambala, dzina lija lapita naye pamodzi ndi makasitomala onse. Lembetsani nokha, ndi imelo yanu, ndi khadi lanu la ku banki, ndipo tsegulani zoti izidzilipira yokha chaka chikatha. Domeni ikatha osalipiridwa webusaiti imazima, maimelo amaima, ndipo pakapita nthawi wina aliyense atha kuligula dzinalo.

Chachiwiri ndi hosting, malo amene mafayilo anu azikhala. Makampani ngati xneelo ndi Afrihost ali ndi makompyuta awo mu South Africa momwe muno, choncho tsamba limatseguka msanga kwa owerenga a kuno. Phukusi laling'ono la pafupifupi R100 mpaka R150 pa mwezi ndi lokwanira chaka choyamba. Onetsetsani kuti muli satifiketi ya SSL, imene imachititsa kuti adiresi iyambe ndi https. Ya Let's Encrypt ndi yaulere ndipo makampani ambiri amaiika okha. Popanda iyo, Chrome imachenjeza owerenga kuti tsambalo si lotetezeka, ndiye munthu amene anabedwapo pa intaneti amathawa nthawi yomweyo.

Pomangira gwiritsani ntchito WordPress, pulogalamu yomangira mawebusaiti. Ndi yaulere, ndipo ikakuvutani odziwa kuikonza ndi ambiri. Ikani theme (chimene chimapatsa webusaiti maonekedwe ake) yopepuka ngati GeneratePress kapena Astra, plugin (kapulogalamu kowonjezera ntchito ina pa webusaiti) imodzi ya mndandanda wa mabizinesi ngati GeoDirectory kapena HivePress, ina yosunga kope ngati UpdraftPlus, ina yothandiza tsamba kutseguka msanga, ina yotsekereza mauthenga a zinyalala. Zikafika zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi ziwiri, imani. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada: plugin iliyonse yowonjezera imalemeretsa tsamba ndipo ndi khomo lina lolowera akuba. Ma theme olipira amene anthu amagawana mwaulere m'magulu musawakhudze n'komwe. Ambiri amakhala atabisidwamo kachidutswa ka pulogalamu kamene kamatumiza owerenga anu ku masamba a juga, ndipo Google akazindikira amaika chenjezo lofiira pa dzina lanu. Dzina lolowera lisakhale admin, mawu achinsinsi akhale aatali, ndipo kope la webusaiti yonse lizipita ku Google Drive sabata iliyonse. Kamodzi pa miyezi itatu yesani kubwezeretsa kopelo pamalo oyeserera, chifukwa kope lowonongeka limadziwika tsiku limene mwalifuna.

Za kulemera kwa tsamba ndiyenera kukhalapo pang'ono, poti apa ndi pamene mawebusaiti ambiri a anthu athu amafera. Womanga amakhala pa laputopu ndi Wi-Fi ya kuntchito, zonse n'kumaoneka bwino. Wowerenga wake ndi mayi wogwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg, ali ndi foni ya Android yakale ndi bandulo imene akuisunga kuti aimbire ana kumudzi. Chithunzi chojambulidwa pa foni chimalemera 3MB mpaka 5MB. Mukaika zithunzi khumi zotero pa tsamba limodzi, mwamudyera pafupifupi 40MB pa kutsegula kamodzi. Chithunzi chilichonse chichepetsedwe kufika mapikiselo 1,200 m'lifupi ndi kulemera kosapitirira 150KB. Webusaiti ya Squoosh imachita zimenezi mwaulere, ndipo mtundu wa WebP umapepuka kuposa JPEG. Tsamba lonse lisapitirire 1MB. Zithunzi zoyendayenda pamwamba, nyimbo zoyamba zokha ndi mavidiyo odzitsegula okha, zonsezo chotsani. Mukamaliza, zimitsani Wi-Fi, bwerekani foni yotsika mtengo kwambiri imene mungaipeze, mutsegule tsambalo muli m'teksi. Likachedwa kupitirira masekondi anayi kapena asanu, ntchito sinathe.

Bizinesi iliyonse ikhale ndi tsamba lakelake: dzina, ntchito yake, dera, masiku ndi maola, mitengo ngati mwini wake walola, batani la WhatsApp, ndi tsiku limene munatsimikizira komaliza kuti nambalayo ikugwira. Tsiku limeneli lionekere poyera. Ndi limene limasiyanitsa webusaiti yanu ndi mndandanda wakale umene anthu amangotumizirana. Batani la WhatsApp lija limapangidwa ndi linki yoyamba ndi wa.me/27 kenako nambala yopanda 0 woyambirira. Kumapeto kwake onjezerani ?text= ndi uthenga wokonzeratu, woti munthuyo wapeza nambalayi pa webusaiti yanu. Kachinthu kakang'ono aka ndi kamene kadzakugulitsireni malonda, chifukwa mwini bizinesi aziona yekha pa foni yake kuti makasitomala akuchokera kwa inu.

Kwa transipota lembani zambiri kuposa apa: njira imene amadzera akadutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, kaya ndi ya ku Mwanza kapena ya ku Dedza, maboma amene amatsitsako katundu, tsiku lonyamuka, malo olandirira katundu, ndiponso ngati mtengo wake ukuphatikiza msonkho wa MRA pa chipata kapena mwini katundu alipira payekha. Mikangano yambiri ya katundu imayambira pa funso lomalizali, ndiye amene walifotokoza bwino pa tsamba lake amapeza anthu ambiri.

Chilengezo chilichonse chizikhala ndi tsiku lothera. Chipinda cha lendi chichoke pakatha masiku 14, ntchito pakatha masiku 21, bizinesi muiimbirenso pakatha masiku 90. Anthu athu amasintha manambala kawirikawiri, amasamuka, ena amapita kumudzi mu December n'kubwera mu March. Wowerenga akaimba manambala atatu motsatizana onse osagwira, chikhulupiriro chatha. Ntchito yoimba mafoniyi ndi yotopetsa, koma ndiyo ntchito yeniyeni ya webusaiti yotere. Ipatuleni maola atatu kapena anayi sabata iliyonse.

Chilankhulo chikhale Chichewa, koma mitu ya masamba muiphatikize ndi mawu a Chingerezi amene anthu amalemba pofufuza pa Google, monga dzina la dera, Johannesburg, Lilongwe, Blantyre ndi mtundu wa ntchito. Abale a ku Mzimba ndi a ku Mangochi ndi ambiri kuno, choncho wina akafuna kuti chilengezo chake chikhalenso m'Chitumbuka kapena m'Chiyao, muloleni. Lembetsani webusaiti ku Google Search Console, kumene eni mawebusaiti amadziwitsira Google za masamba awo, n'kuperekako sitemap, ndiwo mndandanda wa masamba anu onse, kuti masamba ayambe kupezeka. Koma miyezi yoyambirira anthu sadzachokera kwa Google. Adzachokera ku WhatsApp ndi Facebook. Munthu akafunsa m'gulu za transipota wa ku Salima, muyankheni ndi linki ya tsamba lenilenilo, osati ya kutsogolo kwa webusaiti. Pemphani kaye chilolezo kwa oyang'anira gululo, ndipo musamatumize malinki popanda wofunsa, angakuchotsenimo. Abusa, mashehe ndi atsogoleri a mabungwe a maliro akadziwa kuti zidziwitso zawo mumaziika mwaulere ndi molondola, iwo ndi amene amafalitsa dzina lanu.

Tsopano za ndalama. Ambiri amayamba ndi maloto a Google AdSense, njira imene Google amaikira malonda pa webusaiti yanu n'kumakulipirani, ndipo ndi bwino kudziwiratu zinthu ziwiri. Choyamba, Chichewa sichili pa mndandanda wa zilankhulo zimene AdSense imalola, kotero webusaiti ya Chichewa chokhachokha ikhoza kukanidwa. Chachiwiri, ngakhale atakulolani chifukwa cha masamba a Chingerezi, ndalama zake zimadalira unyinji waukulu wa owerenga, ndipo salipira mpaka zitakwana R1,000. Webusaiti ya m'dera, ya owerenga masauzande ochepa, ingadikire miyezi yambiri. Kuwonjezera apo malonda a Google amalemeretsa tsamba, ndipo ena amakhala a juga ndi ngongole zachinyengo zimene simungafune kuti abale anu azione pansi pa dzina lanu.

Ndalama yodalirika ili m'matumba a amalonda a m'dera momwemo. Kulembedwa pa mndandanda kukhale kwaulere kwa aliyense, kuti mndandandawo ukhale wathunthu. Cholipira chikhale kuonekera pamwamba, kukhala ndi zithunzi zingapo ndi mitengo, ndi kutchulidwa kamodzi pa sabata pa WhatsApp Channel yanu. Tiyerekeze ndi masamu: mabizinesi 20 olipira R150 pa mwezi ndi R3,000. Malo atatu a chikwangwani pa tsamba loyamba, lililonse R500, ndi R1,500. Zipinda 15 pa R30 chilichonse ndi R450. Zonse pamodzi R4,950. Chotsanipo hosting, domeni, data, mayunitsi ndi teksi yokaonera malo, mwina R900. Chotsalacho si chuma, koma ndi lendi ya chipinda ndi thumba la ufa, ndipo chimakula mukawonjezera dera lina. Musayembekezere kufika apa musanathe theka la chaka mukugwira ntchito mosalekeza.

Amene amalipira msanga ndi amene kasitomala mmodzi amawabweretsera ndalama zambiri: matransipota, ogulitsa matikiti a mabasi, makampani a maliro amene amanyamula thupi kupita nalo kumudzi, maloya a nkhani za mapepala, ndi ma agent ovomerezeka a makampani otumizira ndalama ngati Mukuru, Hello Paisa ndi Mama Money. Mayi wogulitsa mandasi ndi thobwa musamuvutitse ndi R150, musiyeni pa mndandanda waulere, chifukwa iye ndi amene amakopa owerenga. Nyengo nazo zili ndi mitengo yake. Masabata atatu lisanafike Tsiku la Anakubala pa 15 October, ndiponso kuyambira pakati pa November mpaka Khirisimasi, katundu wopita kumudzi amachuluka, ndipo malo a pamwamba pa tsamba la matransipota mutha kuwagulitsa pamtengo wokwera. Chimodzimodzi chikondwerero cha ufulu pa 6 July ndi nthawi ya Eid kwa ogulitsa zakudya ndi zitenje.

Pogulitsa malowa musamuuze wamalonda za chiwerengero cha anthu amene anatsegula tsamba, sizimukhudza. Mupatseni mwezi umodzi waulere pamwamba, kenako mumufunse kuti mauthenga aja oyamba ndi dzina la webusaiti yanu alandira angati. Akawerenga yekha n'kupeza khumi ndi awiri, ndipo atatu mwa iwo anatumiza katundu, mtengo wanu saukananso.

Ndalama muzilandiriratu, makamaka ya miyezi itatu nthawi imodzi mutachotserako pang'ono. Ngongole ya malonda a pa intaneti siibwezedwa, poti munthu saona chimene watenga. EFT ndi PayShap, njira zotumizirana ndalama kudzera ku banki, zikukwanira poyamba. Yoco kapena PayFast zimathandiza olipira ndi khadi, koma zimadula pafupifupi R3 pa R100 iliyonse. Chithunzi cha umboni woti munthu walipira musachikhulupirire, chimapangidwa mosavuta. Dikirani ndalama ioneke mu akaunti yanu. Aliyense mupatseni lisiti yokhala ndi tsiku loyambira ndi lothera, ndipo chilengezo cholipiridwa chilembedwe poyera kuti ndi malonda. Akaunti ya bizinesi ikhale yosiyana ndi ya pakhomo. Kulembetsa kampani ku CIPC, ofesi ya boma yolembetsa makampani, ndi R125, kusungitsa dzina R50, ndipo phindu limene mwapeza liyenera kudziwika ku SARS, bungwe lotolera misonkho kuno. Musanayambe kulandira ndalama, werengani bwino zimene pemiti yanu imalola, chifukwa pemiti yogwirira ntchito kwa bwana mmodzi si chilolezo choyendetsera bizinesi yanu.

Walira mvula walira matope. Webusaiti ikangotchuka, akathyali amafika. Njira zawo n'zodziwika: chipinda chokongola chotsika mtengo koma dipoziti itsogole musanachione, ntchito ya m'nyumba ku Sandton koma mulipire kaye ndalama yolembetsera, munthu woti ali ndi mnzake ku Home Affairs amene amakonza mapemiti, transipota watsopano amene amasonkhanitsa mafiriji ndi ma TV a anthu kenako foni n'kuzima. Mmodzi yekha wa awa akabera munthu kudzera pa tsamba lanu, dzina limene lidzatchulidwe m'magulu onse ndi lanu. Choncho chilengezo chisatuluke chokha, chilichonse chidutse m'manja mwanu. Transipota mukamuone kumene amapakira katundu, muone galimoto ndi ngolo yake, ndipo akupatseni manambala a anthu atatu amene anawanyamulirapo, muwaimbire. Pamwamba pa tsamba la zipinda lembani ndi zilembo zazikulu kuti munthu asalipire asanalowe m'chipindamo ndi kuonana ndi mwini nyumba.

Pa nkhani ya ntchito malamulo a dziko lino ndi omveka. Employment Services Act ya 2014 imaletsa kulipiritsa munthu wofuna ntchito kuti mumupezere ntchitoyo, ndipo amene amachita bizinesi yolumikiza olemba ndi ofuna ntchito ayenera kulembetsa ku boma. Inu musatenge kalikonse kwa wofuna ntchito. Musalandirenso chilengezo cha malipiro ochepera pa amene boma linakhazikitsa, amene pa 1 March 2025 anafika R28.79 pa ola ndipo amaunikidwa chaka ndi chaka, kuphatikizapo a ogwira ntchito za m'nyumba ndi m'munda. Malonda a mapepala, a osintha ndalama mwamseri ndi a katapila akanidwe, ngakhale atalonjeza kulipira kawiri. Wogulitsa inshuwalansi ya maliro akupatseni nambala yake ya FSP, ndiyo nambala ya chilolezo chake, muitsimikize pa webusaiti ya FSCA, bungwe loyang'anira makampani a zachuma. Inuyo musasunge ndalama za anthu ngati mkhalapakati, ndipo musayambe kutumizira anthu ndalama kumudzi, poti ntchito imeneyo imafuna chilolezo cha South African Reserve Bank.

Madandaulo akabwera, chotsani kaye chilengezocho, mumve mbali zonse ziwiri. Musalembe pa webusaiti kuti uje ndi mbava. Mukalephera kupereka umboni, mlandu woipitsa mbiri ya munthu ugwera inu. Kumuchotsa pa mndandanda ndi kumukana akabweranso n'kokwanira, ndipo wobedwayo mumulimbikitse kukatsegula mlandu ku polisi.

Lamulo la POPIA, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2021, limafuna kuti mutenge chilolezo musanasindikize dzina, nambala kapena chithunzi cha munthu, munene chimene mukusungira zinthuzo, ndipo muzichotse mwini wake akapempha. Chindapusa chake chimatha kufika R10 miliyoni. Sungani uthenga wa WhatsApp umene munthu wavomerezera, ndipo manambala a anthu musawagulitse kwa wina aliyense. Koma kwa ife nkhaniyi imaposa lamulo. Amene anali kuno mu May 2008, pamene zipolowe zolimbana ndi anthu obwera zinayambira ku Alexandra, kapena mu 2015 ndi 2019, akudziwa chimene mndandanda wa mayina, nkhope ndi maadiresi a Amalawi ungachite ukagwera m'manja olakwika. Lembani dera lokha, osati nambala ya nyumba. Wogulitsira pakhomo azipereka yekha adiresi kwa kasitomala akalankhulana. Musafunse munthu za mapepala ake pa fomu, ndipo makope a mapasipoti musawasunge pa webusaiti.

Zidziwitso za maliro ndi zimene zimabweretsa anthu ambiri pa tsiku limodzi, ndipo ndi pamene muyenera kudekha kwambiri. Zikhale zaulere nthawi zonse, ndipo pa tsamba limenelo pasakhale chikwangwani cha malonda, ngakhale cha kampani ya maliro imene imakulipirani bwino. Uthenga ukafika, imbirani achibale awiri osiyana kapena mtsogoleri wa mpingo kapena wa mzikiti wa malemuyo. Funso loyamba likhale lakuti kumudzi auzidwa kale kapena ayi. Mayi wa ku Ntcheu asamve za imfa ya mwana wake kudzera pa linki imene mdzukulu waiona pa foni, eni mbumba asanafike pakhomo kudzakhala naye pansi. Akatsimikiza, lembani dzina, mudzi, mfumu yaikulu ndi boma, kumene anthu akusonkhana, ndi tsiku limene thupi linyamuke. Nambala yolandirira chipepeso ikhale ya munthu amene banja lasankha, osati yanu, ndipo muimbireni kuti avomere ndi pakamwa pake. Mwambo ukatha kumudzi, chotsani nambalayo pa tsambalo tsiku lomwelo, chifukwa akathyali amakopera zidziwitso zakale n'kuikapo manambala awo.